Abu Simbel: kachisi anasamuka, chithunzi n'kutsala

Kaya muli m'basi ku Croydon kapena mukupakula nsima ku Woolwich, tcherani khutu. Lero tikamba za chithunzi cha malo amene panopa ali pansi pa madzi.

Mu 1838, David Roberts, wojambula wa ku Scotland amene ankakhala muno mu London, anayenda pa bwato mumtsinje wa Nile mpaka ku Abu Simbel, kum'mwera kwa Egypt. Kumeneko, m'chipululu, kuli kachisi amene Mfumu Ramesses II inasemetsa m'thanthwe zaka zoposa 3,200 zapitazo. Pakhomo pake pali ziboliboli zinayi za mfumuyo itakhala pampando, chilichonse chotalika mamita pafupifupi 20. Makamera kunalibe, ndiye Roberts anajambula pamanja zimene anaona, ndi mchenga womwe, umene unali utakwirira mbali ina ya ziboliboli. Atabwerera ku London, Louis Haghe anazikonza kuti zisindikizidwe, ndipo zinatuluka pakati pa 1846 ndi 1849. Zina mwa ntchito za Roberts zikusungidwa ku V&A, ku South Kensington.

Nkhani yagona apa tsopano. Dziko la Egypt litayamba kumanga damu la Aswan, zinali zoonekeratu kuti madzi a nyanja ya Nasser amiza kachisiyo. Kuyambira 1964 mpaka 1968, bungwe la UNESCO likutsogolera, amisiri anamucheka m'zidutswa zambirimbiri, n'kukamumanganso pamwamba ndi mamita 65, kutali ndi mtsinje ndi mamita pafupifupi 200. Mukapita lero muona miyala yomweyo, inde, koma phiri limene yatsamira ndi lochita kupanga. Mukafuna kudziwa mmene kachisiyo ankaonekera pamalo ake enieni, mboni zake ndi zithunzi zakale ngati za Roberts.

Nanga kwathu? Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala za Akafula ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu. UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Kumeneko kulibe damu, koma utsi wa moto ndi anthu olemba mayina awo pamiyala akuzifafaniza pang'onopang'ono.

Ndiye mukapita kumudzi pa holide, musathere ku nyanja kokha ayi. Fikani ku Dedza, jambulani ndi foni yanu, lembani tsiku ndi dzina la phangalo, ndipo funsani agogo a m'deralo zimene akudziwa. Koma chonde, thanthwelo osaligwira.

Tionana sabata yamawa.