MABUNGWE A ANCHITO NDI OLEMBA NKHANI KU MIGODI

Anchito a m'migodi akaleka nchito ku Kitwe, nkhawa imafika mpaka ku Katete, Petauke ndi Lundazi, kumene makolo amayembekeza ndalama za feteleza ndi za sukulu kucokela kwa ana ao. Kholo lotele limafuna kudziwa coona: kodi mwana wacotsedwa nchito, kapena akukambilana cabe za malipilo? Kuti yankho lifike kumudzi, pafunika kuti bungwe la anchito lizimvana ndi olemba nkhani.

Mu 1935, pamene anchito anaukila kukwela kwa msonkho ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya, analibe bungwe ngakhale nyuzipepala yao. Uthenga unali kuyenda pakamwa ndi pa makalata m'makomboni. Ku Luanshya apolisi anaombela ndi kupha anthu 6. Mu 1936 boma la atsamunda linayamba nyuzipepala yochedwa Mutende, yolembedwa m'Cingelezi ndi m'zinenelo za kuno, kuphatikizapo Cinyanja, kuti anthu azimva mbali ya boma. Mbali ya wanchito inalibe poonekela.

Zinthu zinasintha mu 1949, pamene anchito acikuda a m'migodi anapanga bungwe limodzi motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu. Mu 1952 analeka nchito milungu itatu mwabata, ndipo malipilo anakwezedwa. Apa wolemba nkhani anadziwa munthu womufunsa, cifukwa anchito anali ndi mneneli mmodzi. Likulu la Mineworkers Union of Zambia ku Kitwe likuchedwa Katilungu House pokumbukila mtsogoleli ameneyu.

Komabe ubwenzi umenewu unali ndi minga. Times of Zambia, imene inakulila ku Ndola pafupi ndi migodi, inatengedwa ndi cipani ca UNIP kuyambila mu 1975, pamene Zambia Daily Mail inali kale ya boma. Mu 1981 a Frederick Chiluba ndi a Newstead Zimba, atsogoleli a Zambia Congress of Trade Unions, anatsekeledwa m'ndende. Pa nthawi zotele anchito anadalila misonkhano ya m'nthambi ndi nyuzipepala ya bungwe lao, Workers' Voice. Phunzilo lake n'lakuti bungwe lisadalile khomo limodzi.

Mu April 2020, kampani ya Glencore italengeza zoimitsa nchito pa migodi ya Mopani ku Kitwe ndi Mufulira, mabungwe a anchito anakana poyela kupyolela pa mawailesi, pa TV ndi m'nyuzipepala. Boma nalo linakana, ndipo mu 2021 migodiyo inagulidwa ndi ZCCM-IH.

Nanga bungwe licite ciani? Coyamba, lisankhe mneneli mmodzi wopezeka msanga, pakuti nyuzipepala siiyembekeza munthu. Caciwili, lipeleke ziwelengelo zoona za malipilo, za ngozi ndi za ocotsedwa nchito, cifukwa bodza limodzi limaononga cikhulupililo ca zaka zambili. Cacitatu, lisaitane olemba nkhani pa tsiku la mkangano lokha, koma liwafotokozelenso za penshoni ndi za matenda a fumbi la pansi pa mgodi. Cacinai, lilankhule m'Cinyanja ndi m'Cibemba pa mawailesi a m'madela, osati m'Cingelezi cokha.

Nayenso wolemba nkhani ali ndi udindo womva mbali zonse, ya bungwe ndi ya kampani, asanalembe. Akatelo, gogo wa ku Katete sadzagulitsa mbuzi zake cifukwa ca mphekesela.