Denga lasasuka, a inshulansi akuzengereza kulipira: mutani?

Mvula yoyamba ikagwa ndi mphepo kuno kwa Zulu, m'magulupu a WhatsApp mumadzaza zithunzi za malata atapindika m'mitengo. Ambiri timangodikira thandizo la DoDMA kapena la achibale. Koma alipo ena, makamaka omanga nyumba ndi ngongole ya kubanki ndi eni nyumba za lendi, omwe amalipira inshulansi chaka ndi chaka. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena ndinu mumawerengera makolo mapepala, nkhaniyi ndi yanu.

Choyamba, inshulansi si chifundo ayi. Ndi mgwirizano. Munalipira, ndiye ngozi yolembedwa mu policy ikachitika, kampani iyenera kulipira. Koma mawu oti "yolembedwa" ndiye pagona nkhani. Moto, mphepo, madzi osefukira ndi umbava sizikhala mu policy iliyonse. Inshulansi ya nyumba nthawi zambiri imateteza khoma ndi denga, osati sofa ndi TV. Nanu alendi, musadalire inshulansi ya alandilodi: katundu wanu mulibemo. Policy yonse ndi ufulu wanu kukhala nayo, osati risiti yokha. Ajenti akamazemba kukupatsani, dziwani kuti pali vuto.

Ngozi ikagwa, dziwitsani kampani msanga, ndipo polemba. Foni yokha siikwanira chifukwa mawa angakane kuti simunaimbe. Jambulani zithunzi ndi vidiyo musanasunthe kanthu. Ngati ndi moto kapena akuba, katengeni lipoti kupolisi. Phimbani denga ndi lona kuti zinthu zisapitirire kuonongeka, koma musayambe kumanga munthu wodzayesa zoonongeka asanafike. Pezaninso mtengo wolembedwa kuchokera kwa mmisiri wanu, kuti mukhale ndi choyerekezera.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amalira. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo simenti, malata ndi misomali zidakwera mtengo. Tiyerekeze kuti nyumba munaiika pa inshulansi ya K10 miliyoni kalekale, koma lero kuimanganso kungadye K20 miliyoni. Mphepo yaononga za K4 miliyoni. Inu mukuti, "4 ndi yochepa kwa 10, andipatsa yonse." Ayi ndithu. M'mapolicy ambiri muli ndime yotchedwa average: popeza munateteza theka la mtengo wa nyumba, akupatsani theka, K2 miliyoni. Kenako achotsaponso excess, kagawo kamene munavomera kudzilipirira nokha. Zowawa, eti? Koma ngati zili m'pepala lomwe munasaina, sikuti akuberani. Mankhwala ake ndi kukweza ndalamayo nthawi iliyonse mukamalipira chaka chatsopano.

Chifukwa china chokanira ndi kubisa zoona. Ngati munalemba kuti ndi nyumba yogona basi, pomwe chipinda china ndi shopu, kapena mumasungamo zigubu za petulo monga ena amachitira mafuta akasowa, moto ukabuka kampani ili ndi pogwira. Zinthu zikasintha pakhomo, auzeni, nazonso polemba.

Nanga akakana, kapena akupatsani zochepa? "Ayi" wa kampani si chigamulo cha khoti. Apempheni kalata yonena chifukwa, yotchula ndime ya policy yomwe atsamirapo. Musasaine pepala loti mwalandira malipiro omaliza ngati simunakhutire, chifukwa mukasaina, kubwerera m'mbuyo n'kovuta. Lembani dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo, n'kusunga kope lake.

Zikakanika pamenepo, pitani ku Reserve Bank of Malawi ku Lilongwe. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa bankiyi ndiyenso Registrar of Financial Institutions, yemwe amapereka ziphaso kumakampani a inshulansi ndi kuwayang'anira, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Tengani policy, malisiti, zithunzi ndi makalata onse. Khoti nalo lilipo, ndipo amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Kungoti musagone nayo nkhani: mapolicy ambiri amaika malire a nthawi yokasuma kampani ikakana, ndipo nthawiyo ikadutsa, ngakhale mlandu wabwino umafera panjira.

Kulalata pa Facebook kumapepuza mtima, inde, koma chimene chimatulutsa ndalama ndi umboni. Ndiye madzulo ano funsani adadi kapena amami kuti policy ija ili mu sutikesi iti. Ijambuleni tsamba lililonse, jambulaninso nyumba mkati ndi kunja, muzitumize ku imelo yanu. Pepala lili m'nyumba limapsera limodzi ndi nyumba.