ANCHITO OSAONEKA AMENE SAGONA TULO

KABWE: Anthu a m'komboni ya Chowa akagula magetsi a ZESCO pa lamya ya m'manja, ndalama zimacoka nthawi yomweyo, koma manambala 20 oika m'mita nthawi zina amacedwa. Ena poganiza kuti ndalama zalowa m'madzi, amalipiranso kaciwiri. Kodi cimacitika n'ciani pakati apa?

Makompyuta olandira malipiro amagawa nchito pawiri. Mbali yoyamba ili monga kalaliki wa pazenera: imalandira pempho lanu, kulilemba, ndi kuliika pamzere. Mbali yaciwiri ndiyo ya kuseri. Kumeneko kuli mapulogalamu osazimitsidwa usana ndi usiku, amene amatola mapempho limodzi-limodzi, kutsimikiza malipiro ndi kutumiza uthenga. Pakutha kwa mwezi ogula akaculuka, mzerewo umatalika.

Akulu-akulu a ku Chowa amaidziwa bwino nchito yotere. Mgodi wa mtovu wa Broken Hill, umene miyala yake inapezeka mu 1902, unali ndi mapampu okoka madzi pansi kosalekeza. Panalibe owatama. Koma mgodiwo utatsekedwa mu 1994 ndi mapampu kuleka, madzi anadzaza pansi ponse.

Kuti zotere zisacitike pa makompyuta, akatswiri amaikapo pulogalamu ina yokhala ngati kapitao. Ikaona kuti wanchito wa kuseri waima, imamudzutsa pompo. Mzere wa mapempho nawo umasungidwa molemba, kotero kuti magetsi akazima, monga anali kuzimira pa cilala ca 2024, nchito imayambira pamene inalekezera. Pempho liri lonse limapatsidwa nambala yake, kuti lisagwiridwe kawiri. Koma mukalipiranso, makina amaliona ngati pempho latsopano, ndipo ndalama zimacokanso.

Nkhaniyi ikhudzanso alimi. Mu 2015 Boma linayamba kupereka thandizo la feteleza ndi mbeu kudzera m'makadi a e-voucher m'maboma 13, ndipo Kabwe inali imodzi mwa iwo. Kuyambira pamenepo mlimi wazolowera kuyembekezera uthenga wa pa lamya.

Tsono uthenga ukacedwa, musathamangire kulipiranso. Sungani nambala ya malipiro oyamba, dikirani pang'ono, ndipo zikakanika pitani nayo ku ofesi ya kampani. Nambala yanu yacinsinsi musauze munthu ali yense. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.