Ulemu wa Wosewera Uoneka Pamene Timu Igonja

Kukolola kukatha kuno ku Kasenengwa, mabwalo a mpira a pa masukulu ndi a m'midzi ayamba kudzaza. Matimu alimbirana mbuzi, majezi kapena mpira watsopano. Pa timu iliyonse pali munthu mmodzi amene asenza katundu wolemera kuposa onse, ndiye mphunzitsi wa timu, uja timuchula kuti kochi. Timu ikapambana, anthu anyamula womwetsa cigoli. Ikagonja kawiri katatu, zala zonse ziloza kochi, ndipo kawirikawiri oyamba kumupeputsa ndi osewera ake omwe. Wina akana kutuluka m'bwalo pamene asinthidwa. Wina aleka kubwera ku maphunziro. Wina atenga jezi ya timu napita kukasewerera mudzi wina.

Kodi wosewera ayenera kumvera kochi amene zinthu sizimuyendera bwino? Ife tikuti inde, ndipo mpira wa maiko utionetsa cifukwa cake.

Tiyambe ndi timu ya dziko la France pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse wa 2010 ku South Africa. Kochi wao, a Raymond Domenech, anali munthu wotha mphamvu. Anafikitsa timuyo ku ndime yomaliza mu 2006, koma mu 2008 inagwa pa ndime yoyamba ya mpikisano wa ku Ulaya, ndipo ku South Africa inapita movutikira. Mpikisano usanayambe zinali zitadziwika kale kuti a Laurent Blanc ndiwo adzalowe m'malo mwao. Osewera anadziwa kuti munthuyu ali paulendo.

Pa 17 Juni 2010, pa nthawi yopumula m'masewera ao ndi Mexico, wosewera Nicolas Anelka anatukwana kochi. France inagonja 2-0 ndipo Anelka anabwezedwa kwao. Pa 20 Juni, m'tauni ya Knysna, osewera anakana kucita maphunziro pofuna kuonetsa kuti ali kumbali ya mnzao. Anakakhala m'basi, ndipo kochi yemweyo ndiye anawerengera atolankhani kalata yao. Patapita masiku awiri anagonjanso kwa South Africa 2-1, nabwerera kwao ndi pointi imodzi ndi cigoli cimodzi cabe. Bungwe la mpira la France linaletsa Anelka masewera 18, kaputeni Patrice Evra masewera 5 ndipo Franck Ribery masewera 3.

Mwina osewera aja sananame ponena kuti kochi wao analephera. Anthu ambiri ku France anali kunena zomwezo. Koma kuukira kwao sikunakonze kanthu. Kochi anacoka monga momwe zinakonzedwera kale, ndipo manyazi anatsalira osewera ndi dziko lao.

Tsopano tibwere kwathu. Mu Okutobala 2011 bungwe la FAZ, motsogozedwa ndi a Kalusha Bwalya, linacotsa a Dario Bonetti ndi kubweza a Herve Renard. Si onse anakondwa, pakuti a Renard anali atasiya Zambia mu 2010 kupita ku Angola. Mpikisano wa Cikho ca Africa wa 2012 uli mkati ku Equatorial Guinea ndi Gabon, wosewera Clifford Mulenga anaphwanya lamulo la nthawi yobwerera ku malo ogona. Mulenga sanali munthu wamba. Mu 2007 bungwe la CAF linamusankha kukhala wosewera wacinyamata wopambana mu Africa. Anapatsidwa mpata wopepesa koma sanapepese, ndipo a Renard anamubweza kunyumba.

Cimene tifuna muone ndi cimene osewera otsala anacita. Sanakhale m'basi. Kaputeni Christopher Katongo ndi anzake analandira ciweruzo ca kochi napitiriza nchito. Anagonjetsa Sudan 3-0, Ghana 1-0, ndipo pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville anagonjetsa Ivory Coast pa mapenati 8-7, Stoppila Sunzu atamwetsa yomaliza. Mlandu unali wofanana ndi wa ku Knysna: mnzao wabwezedwa. Cosiyana cinali mtima wa otsalawo.

Tisanamizane kuti mwambo paokha ubweretsa cikho. Caka cotsatira, mu 2013 ku South Africa, a Renard omwewo ndi osewera ambiri omwewo analepherana mphamvu ndi Ethiopia, Nigeria ndi Burkina Faso, natuluka pa ndime yoyamba osapambanako. Amene anawaimbira nyimbo mu 2012 anayamba kunena kuti nzeru zawathera. Mu 2015 munthu yemweyo anatenganso cikho ca Africa ndi timu ya Ivory Coast. Alimi timvetsa bwino zimenezi. Mlimi amene anadzaza nkhokwe caka catha akhoza kukolola pang'ono caka cino mvula ikadula mu Januwale, koma sindiye kuti waiwala kulima. Ngati ulemu wathu kwa kochi ukwera ndi kutsika potsata zigoli za sabata imeneyo, ndiye kuti ticitira ulemu zigoli osati munthu kapena udindo wake.

Koma ena adzafunsa kuti, nanga wosewera akalakwiridwa akhale cete? Funsoli litikhudza ife a kum'mawa, cifukwa mwana wa kwathu kuno, Fashion Sakala, anapezeka m'nkhani yotere. Sakala anali m'timu ya acinyamata imene inatenga cikho ca Africa ku Lusaka mu 2017, ndipo anasewerapo ku Belgium, ku Rangers ya ku Scotland ndi ku Saudi Arabia. A Avram Grant anayamba kuphunzitsa Chipolopolo mu Disembala 2022 ndipo anaipititsa ku mpikisano wa Africa kwa nthawi yoyamba kucokera mu 2015. Koma ku Ivory Coast mu Januwale 2024 timu inatuluka pa ndime yoyamba osapambana masewera alionse, ndipo anthu anayamba kudandaula. M'caka comweco kusamvana kwa Sakala ndi kochi kunafika poyera, ndipo wosewerayo anakhala miyezi yambiri osavala jezi ya dziko. Anabwerera mu 2025, ndipo a Grant anacoka mu Okutobala caka comweco.

Si nchito yathu kuweruza kuti wolakwa anali ndani. Cimene tinaona tonse ndi mtengo wake. Dziko linasewera masewera ofunika popanda mmodzi wa akatswiri ake, wosewera anataya masewera amene sadzabwereranso, ndipo okonda mpira anagawikana pa mawailesi ndi pa Facebook. Mkangano wa m'nyumba ukatulukira pa msewu uvuta kuubweza, cifukwa aliyense aopa kuoneka ngati wagonja pamaso pa anthu.

Wosewera wodandaula ali ndi njira zake. Ayambe waonana ndi kochi paokha. Zikakanika apite ndi kaputeni. Zikakanikabe atule nkhani kwa komiti, pakuti amene anaika kochi ndiwo ali ndi mphamvu yomucotsa. Pa timu ya dziko ndi FAZ, pa timu ya mudzi ndi komiti pamodzi ndi anyakwawa, pa sukulu ndi mkulu wa sukulu. Kumudzi timadziwa kale dongosolo limeneli. Mlandu wa banja uyamba kwa ankhoswe, sufikira pa bwalo la mfumu. Pamene nkhani iyenda m'njira zimenezi, wosewera afike ku maphunziro pa nthawi yake, asewere pamene aikidwa ndipo atuluke pamene asinthidwa. Atambala awiri salira m'khola limodzi. M'mphindi 90 za masewera mau omaliza ayenera kukhala a munthu mmodzi, ngakhale munthuyo nthawi zina alakwa.

Nanunso akochi muli ndi mbali yanu. Ciweruzo ca a Renard cinalandiridwa cifukwa lamulo linali lodziwika, wolakwa anapatsidwa mpata wopepesa, ndipo kuchuka kwake sikunamuteteze. Kochi amene aika mwana wa mlongo wake m'timu nasiya wodziwa mpira pa benchi, amene alanga wosauka nalekerera mwana wa wogula majezi, kapena amene abwera ku bwalo atamwa kacasu, adzicotsera yekha ulemu. Timu ikagonja musathamangire kunyoza anyamata pamaso pa anthu. Fotokozani cifukwa cimene mwasinthira wosewera, ndipo mverani kaputeni akabwera ndi madandaulo a anzake.

Tikumbukenso kuti kochi wa kumudzi salandira malipiro ngati a Grant kapena a Renard. Ndi mphunzitsi wa pa sukulu kapena mlimi mnzathu amene asiya dimba lake madzulo, nthawi zina kugula mpira ndi ndalama za nshawa zake. Munthu wotere akanyozedwa ndi ana amene awathandiza, angosiya. Akasiya timu imwazikana, ndipo anyamata aja tidzawapeza ku mowa ndi ku juga madzulo a Sondo.

Cotero tipempha makomiti a matimu muno m'Kasenengwa, ku Chipangali ndi ku Chipata kuti mpikisano usanayambe akhale pansi ndi osewera ndi kulemba malamulo ocepa omveka bwino: nthawi ya maphunziro, za mowa, za jezi ya timu, cilango ca wokana kusinthidwa, ndi kumene wodandaula ayenera kupita. Agwirizanenso kuti nkhani yosunga kapena kucotsa kochi idzakambidwa mpikisano ukatha, osati pa bwalo timu itangogonja. Makolo nafenso tisamaimirire kumbali kwa bwalo ndi kuuza mwana wathu kuti asamvere kochi. Mwana amene aphunzira lero kuti mtsogoleri amveredwa pokhapo zinthu zikoma, adzacita cimodzimodzi mawa kwa wapampando wa kopaletivu, kwa kapitao wa pa nchito ndi kwa ife makolo ake.