Magulu a rock a ku America amene anakwiririka

Owerenga ena andifunsa chifukwa chake magulu a rock a ku America a m'zaka za m'ma 1980 amaoneka ngati ana a mimba imodzi: tsitsi lalitali, zodzoladzola kumaso, mathalauzi othina. Inenso kale sindinkatha kuwasiyanitsa, ndinkangodziwa Bon Jovi ndi Mötley Crüe basi.

Kufananako kunachokera ku malonda. Makampani ojambula nyimbo ataona kuti kanema wa MTV akukonda maonekedwe amenewa, anayamba kuveka aliyense chimodzimodzi, ngakhale magulu amene kaimbidwe kawo kanali kosiyana kotheratu. Zili ngati pa kaunjika, chovala chabwino umachipeza ukafukula pansi.

Enuff Z'Nuff, anyamata a ku Blue Island pafupi ndi Chicago, ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri. Pa chimbale chawo choyamba cha 1989 mawu awo amalukana mokoma potengera The Beatles, koma anthu ambiri anangoona zovala zamawangamawanga n'kuwadutsa. Kix a ku Hagerstown, Maryland, anavutika zaka zambiri m'mabala asanatchuke ndi chimbale cha Blow My Fuse mu 1988.

Kenako mu 1991 gulu la Nirvana litatulutsa chimbale cha Nevermind, achinyamata anatembenukira ku nyimbo zatsopanozo, makampani n'kutaya magulu akale ambiri pamodzi, abwino ndi oipa omwe.

Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi chimbale choyamba cha gulu la Badlands cha 1989. Jake E. Lee, amene ankaimbira gitala Ozzy Osbourne, akuliza gitala mmenemo mwaukali wotengera blues, ndipo mawu a Ray Gillen amakwera mpaka thupi kuchita tsembwe.