Agogo anamenya nkhondo ku Burma, cholembera cha kalaliki chinawagonjetsa

Sabata yatha ndinakwera kabaza kupita kwathu ku Kapondo, ku Mchinji, kukaona agogo anga aakazi. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Titangopatsana moni anandituma kuti nditenge kachitini pansi pa bedi. M'kachitinimo munali mendulo ziwiri zadzimbiri ndi pepala lothetheka lolembedwa nambala ya usilikali ya malemu agogo aamuna.

Agogowo anali msilikali wa Keyala, gulu lomwe azungu ankalitcha King's African Rifles. Linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mkulu wake woyamba anali William Manning, mzungu yemwe dzina lake linali pa boma lathu pomwe linkatchedwa Fort Manning. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anyamata a Nyasaland anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Agogo anga anakafika ku Burma komweko, nabwerako ndi mwendo wotsimphina.

Tsono tamvani zomwe zinachitika nkhondo itatha mu 1945. Inu amumsika mumadziwa bwino za sikelo yakuba. Boma la atsamunda linali nayo sikelo yoteroyo. Msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse womwe watumikira ngati ndalama yothokoza. Wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka. Tiwerengere limodzi: pa zaka zitatu mzungu 360, mwana wa ku Kapondo 126. Kodi chipolopolo cha Mjapani chinkayamba chafunsa khungu?

Chinyengochi chinaululika bwino mu 2019 atolankhani atafukula chikalata chakale ku London. Aphungu ena a ku Britain anakwiya, koma boma lawo silinalonjeze kubweza ndalama zotsalazo. Mu April 2021 nduna yawo ya zachitetezo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo pa mlandu wina: anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a muno mu Africa, omwe anafa pa nkhondo yoyamba koma maina awo sanalembedwe pa manda kapena pa chipilala. Kupepesa n'kwabwino ndithu, koma abale, pepani saphika nsima.

Thandizo lina linabwerako. Mu 2018 boma la Britain linalengeza ndalama zokwana mapaundi 11.8 miliyoni zoti asilikali akale ndi amayi amasiye opitirira 7,000 m'maiko a Commonwealth azidya kawiri pa tsiku. Agogo aakazi atamva za thandizo la amasiye ananyamuka ndi amalume kupita ku ofesi ina. Kumeneko anabwezedwa. Chifukwa chake? Eti dzina la pa pepala la usilikali likusiyana ndi la pa chiphaso chawo. Kalaliki wa nthawi ya atsamunda analemba dzina la agogo mmene linamvekera m'khutu mwake, nasiya chilembo chimodzi, ndipo mudzi analemba wa mfumu yoyandikana nayo. Analakwitsa ndi wa boma, wolangidwa ndi nkhalamba yosadziwa n'kulemba komwe.

Anapitako katatu. Ulendo uliwonse unadya ndowa ya mtedza. Ulendo wachitatu anauzidwa kuti abwere mawa bwana kulibe. Agogo akuti anangoti basi, mwamuna wanga anapulumuka ku Burma, ine ndisafere pa benchi ya ofesi.

Ine sindinavomere. Ndipo inu muli ndi kholo lotere kumudzi, musavomere. Choyamba, sungani pepala lililonse la usilikali, makamaka nambala, chifukwa dzina limasokonekera koma nambala sinama. Chachiwiri, tengani kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo mukalumbire kwa majisitireti. Chachitatu, kaonaneni ndi bungwe la asilikali opuma la VELOM. Ngati ofesi ya boma ikukuzunguzani, kuli Ombudsman, yemwe malamulo a dziko lino a 1994 anamuika kuti azimva madandaulo otere, ndipo salipiritsa.

Chaka chilichonse mu November akuluakulu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, naika nkhata pa zipilala ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Malipenga amalira, zithunzi zimajambulidwa. Zikatha izo aliyense amakwera galimoto yake. Bwanji tsiku limodzi lokha akuluakuluwo osatuma makalaliki awo kumidzi ndi kaundula m'manja, kukakonza maina omwe anzawo anawononga? Nkhalambazi zatsala zowerengeka, ndipo sizidikira.

Kalata ya amfumu ndatenga kale, ili m'thumba mwangamu. Lolemba ndikulawirira kwa majisitireti. Pochoka ku Kapondo agogo anandipatsa kachitini kaja, nandichenjeza kuti ndikataya pepalalo ndisadzapondenso pakhomo pawo.