Mizere Yokhotakhota ya pa Mapu

Anzanga, pamene ndinali mu Fomu 1 ndinkayesa kuti mizere yofiirira ya pa mapu ndi tinjira ta anthu. Aphunzitsi athu ndiwo anandichotsa umbuli umenewu. Mzere uliwonse ulumikiza malo onse amene kukwera kwake kuchokera pa nyanja yamchere n'kofanana. Mizere ikatalikirana, malowo ndi athyathyathya; ikathithikana, pamenepo mpotsetsereka koopsa.

Kale oyeza malo ankakwera mapiri atasenza zipangizo. Koma mu February 2000 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Endeavour chinazungulira dziko masiku 11, chikuyeza kukwera kwa nthaka ndi radar. Kadera kalikonse ka mamita 30 m'litali ndi m'lifupi kanalandira nambala yake, ndipo manambalawo apezeka kwaulere pa intaneti.

Aphunzitsi anaika manambala a kuno ku Makwasa mu QGIS pa kompyuta, nauza makinawo kuti alembe mzere pa mamita 20 alionse. Posakhalitsa zitunda ndi zigwa za minda ya tiyi zinaonekera. Pa mtsinje mizere inapindika ngati chilembo cha V, nsonga yake italoza kumene madzi achokera.

Tsono ndinafunafuna munda wa agogo, umene mvula ya Freddy inakokolola mu March 2023. Mizere yake inali yothithikana ndithu. Tchuthi chino ndikawathandiza kuunda akalozera ndi kubzalapo vetiva, pakuti kalozera ndiye mzere womwewo wa pa mapu, koma wolembedwa ndi khasu.